Magalasi aswedwa kusukulu kwathu, nanga ndalama za mpanda zigwire ntchito yanji?

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Zithunzi ndatumizazi ndi za ku CDSS yathu m'mawa uno. Usiku wathawu ana a Fomu 3 aswa magalasi onse a buloko ya kumtunda ija, athyolanso chitseko cha ofesi ya ahedi. Akuti gwero lake ndi mafoni amene aphunzitsi analanda Lachiwiri, ndi anyamata anayi amene aimitsidwa sukulu milungu iwiri. Achimwene athu a ku Joni andiimbira kuti apereka K2 miliyoni yoyambira mpanda. Tikambirane mwaulemu chonde.

Wa ku Joni: Zoona, ndalamazo ndaika kale pambali. Nditabwera pa Khirisimasi ndinamva madandaulo a aphunzitsi, kuti tsiku la msika ikamakwana 10 koloko theka la kalasi lili kumsewu. Mbuzi zimadutsa pabwalo, akabaza amadutsa pabwalo, ogulitsa zitumbuwa amafika mpaka pakhonde. Timange mpanda, pakhale geti limodzi ndi mlonda, basi.

Mayi a ku Ndirande: Mulungu akuwonjezereni achimwene. Koma ndifunse nawo, zilowa m'manja mwa ndani? Matumba 60 a simenti a nyumba ya mphunzitsi aja mpaka lero sitinaone malisiti ake. Nyumbayo inaimira m'mawindo, udzu wamera m'kati.

Msungichuma: Alamu, nkhani imeneyo ndinaifotokoza pamsonkhano wa ku Lilongwe. Simenti inagulidwa, sukulu zinatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid, ntchito inaima, matumba ena anauma m'sitolo.

Mayi a ku Ndirande: Ena anauma. Angati? Nanga enawo?

Aphunzitsi Opuma: Ndalonjera nonse, akulu ndi ana omwe. Za simenti ndiyankhulapo pambuyo, chifukwa nanenso ndinasonkha. Pano ndikufuna tiyang'ane kaye anawa. Mwana wanga wa ku Joni, mtima wako ndi wabwino ndipo ndakuthokoza, koma mpanda ugwira mwana kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka. Magalasiwa aswedwa usiku. Dzifunseni kuti mwana wa zaka 16 amatani panja 11 koloko usiku, ndipo ndani amene akanamufunsa kuti ukupita kuti.

Ndinapitako mwezi wathawu. Ana ambiri a pasukulupo ndi a selefu. Kwawo n'kutali, ena amachokera kutsikira kumunsi uko, ndiye makolo amawachitira lendi tizipinda kuseri kwa mabala. Ndinalowa m'kachipinda kena kamene mumagona atsikana atatu. Mphasa imodzi, mbaula pakona, thumba la ufa latsala pansi penipeni, chitseko chotseka ndi msomali wopinda. Kuseri kwa khoma lomwelo kuli vidiyo yolira mpaka pakati pa usiku. Wamkulu amene amawayang'anira palibe. Mwini nyumba amangobwera mwezi ukatha kudzatenga zake. Ana amenewa tikawamangira mpanda masana, madzulo tiwabwezera komweko.

Malume a ku Zomba: Aphunzitsi, mukuzungulira. Vuto ndi loti chikwapu chinachoka. Ife tinkayenda wapansi mtunda wautali opanda nsapato, mame ali thoo, koma ukachedwa umadziwa chokuchitikira. Palibe anaswapo galasi nthawi ya Kamuzu. Mawu oti ufulu ndi amene aononga ana.

Mnyamata wa ku Bunda: Malume, kumenya mwana pasukulu n'koletsedwa, unduna wa zamaphunziro sulola. Mphunzitsi akamenya mwana lero nkhani imakafika kupolisi. Komanso za mafoni tisangoweruza. Ine ndinadutsa pasukulu yomweyo. Buku la Biology timagwirizana anthu khumi. Mapepala akale a MANEB ndi manotsi timatumizirana pa WhatsApp. Sindikuikira kumbuyo oswa magalasi, alakwa, koma foni ikalandidwa popanda kulemba paliponse, mwana osauzidwa tsiku loitenga, mtima umawawa.

Malume a ku Zomba: Iwe wabadwa liti kuti uzindiphunzitsa malamulo? Bambo ako ndinawabereka kumsana ine.

Mnyamata wa ku Bunda: Pepani malume, sindinanene mwachipongwe.

Aphunzitsi Opuma: Achimwene a ku Zomba, musamukalipire mwanayo, wanena zoona. Chikwapu chimene mukuchifunacho ine ndachigwira zaka zambiri kuposa aliyense pagulu pano, ndiye ndiloleni ndikuuzeni chimene chinandichitira.

Mu 1994 a Bakili Muluzi atachotsa fizi kupulayimale, ana anakhamukira kusukulu ngati ngumbi. Ine ndinali ndi kalasi pansi pa mtengo, ana opitirira 100, bolodi lotsamiritsa pathunthu. Ndodo ndiyo inali chilankhulo changa. Patapita zaka zingapo, mu Sitandade 7 munali mnyamata wina wanzeru pa masamu, koma wochedwa tsiku lililonse. Ndinamukwapula, osasintha. Ndinamupatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala, anzake ali m'kalasi. Ndikumuonabe mpaka lero, ali m'dzenje lofika m'chiuno, malaya atapachika pamtengo wa pichesi, akulavulira m'manja kuti mpini usamuterere, matuza ataphulika. Anakumba masiku atatu. Tsiku lachinayi sanabwere, ndipo sanabwerenso. Ndinadzamva pambuyo kuti ankadzuka kusanache kukathirira kabichi kudimba la agogo ake, chifukwa makolo onse anamwalira. Sindinamufunsepo n'kamodzi komwe chifukwa chimene ankachedwera.

Lero ndi bambo wa ana ake, amanyamula matumba a kachewere pa Lizulu. Akandiona amavula chipewa, amandinyamulira katundu mpaka pa minibasi, ndalama amakana. Ndikakhala m'galimotomo mtima umandipweteka, chifukwa mwana uja akanatha kulemba mayeso a Sitandade 8 n'kusankhidwa.

Sindikunena kuti ana asalangidwe. Alangidwe ndithu. Amene aswa magalasi adziwike mmodzimmodzi, makolo awo aitanidwe, alipire, pajatu nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Koma chilango chisamachotse mwana m'kalasi. Kutchetcha, kukolopa, kusesa, zonsezo zichitike akaweruka. Ndipo mwana wa selefu ukamuimitsa sukulu milungu iwiri, sapita kwawo ayi, amaopa bambo ake. Amakhala pa pool tebulo milungu iwiri yonseyo, n'kumasonkhezera anzake. Ndikukhulupirira kuti ndi mmene za usiku wathawu zinapsera.

Namwino wa ku Mzuzu: Aphunzitsi mwandiliza. Atsikana a selefu ndi amene ndimawadandaula kwambiri. Ufa ukatha pakati pa mwezi, amene amawagulira ndi madalaivala ndi anyamata a geni.

Wa ku Joni: Ndamva bambo, koma hositelo ndi ndalama zambiri. Yanga ndi yoyambira chabe. Mpanda titha kumanga pang'onopang'ono, mbali imodzi chaka chino.

Mlembi: Tikumbukirenso kuti kuyambira 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi mabungwe. Sukuluyi ndi ya boma, ndiye tiwerengere mabuloko a simenti. K2 miliyoni sifika patali.

Mayi a ku Ndirande: Simenti yomweyonso! Ndiye tiyambe taona malisiti a 2020.

Msungichuma: Alamu, ngati mukundiyesa wakuba nenani poyera. Ndagwira ntchito imeneyi zaka zisanu ndi chimodzi osalandira ngakhale ya bandulo. Kope lili kwa amene anali wapampando nthawi imeneyo.

Wapampando: Kwa ine silinafike.

Azakhali a Kumudzi: Ine za malisiti sindidziwa. Koma mpandawo udutsa pati? Chifukwa kumunsi kwa bwalo la mpira kuli munda wa amayi anga, ndipo malire ake anaika ndi agogo a nyakwawa alipowa. Musadzangobwera ndi zingwe kuchokera m'tauni.

Malume a ku Zomba: Malo amenewo anaperekedwa kusukulu kalekale, ndinalipo. Inu munangolowamo chaka cha njala.

Azakhali a Kumudzi: Munalipo kuti, inu munachoka kuno muli mnyamata? Maliro a kuno mumangotumiza pa Mpamba.

Wapampando: Chonde, chonde. Za malire ndi za mafumu, si za pano.

Aphunzitsi Opuma: Mwaona, mpanda usanayambe n'komwe wayamba kale kutigawa. Ndibwerere pamene ndinalekezera, ndipo mundikhululukire kutalikitsa.

Kwathu kuno mukudziwa mmene kulili. Ukangolumpha msewu wa M1 uli ku Mozambique. Mwana amaoloka ndi yunifolomu, n'kugula kabotolo ka mowa kumene mawu a gulupu wathu safika. Palibe khoma limene lingatseke zimenezo. Chimene chingathandize ndi anthu. Anzathu a ku Dedza anationetsa. Mfumu yaikulu Kachindamoto sinayambe ndi njerwa. Inasonkhanitsa mafumu ake n'kuwasainitsa pangano, inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuwabwezera kusukulu, ndipo mfumu yolekerera inkaimitsidwa paudindo. Ifenso tili ndi mafumu, tili ndi amayi a mother group, tili ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Tikapemphe kuti pakhale lamulo la m'dera: wa vidiyo kapena wa bala wopezeka ndi mwana wa sukulu alipe chindapusa kwa mfumu. Eni nyumba za lendi alembedwe maina, aliyense adziwe kuti ana ali pakhomo pake ndi ake.

Za mafoni, sukulu ilembe lamulo pa pepala, kholo ndi mwana asaine tsiku lotsegulira teremu. Foni ikalandidwa ilembedwe m'kope pamaso pa mwanayo, kholo lidzaitenge lokha. Ana ambiri salimbana ndi lamulo limene analimva bwino. Chimene chimawapsetsa mtima ndi kuona wina walangidwa, wina wasiyidwa chifukwa ndi mwana wa uje.

Ndipo nyumba ya mphunzitsi inaima ija, bwanji ndalama za mwana wathuyu zisaimalize? Ili ndi zipinda zitatu ndi pabalaza. Tikaifolera n'kuika zitseko zolimba, atsikana a Fomu 4 amene kwawo n'kutali kwambiri atha kugonamo, mayi mmodzi wodalirika n'kumagona nawo. Si onse amene angakwanemo, ndikudziwa. Koma amene angakwanewo alemba MSCE ali m'manja mwa munthu.

Namwino wa ku Mzuzu: Ine ndavomera zimenezi. Matiresi awiri ndigula ndine.

Mlembi: Zikufunika chilolezo cha ofesi ya zamaphunziro paboma. Nyumbayo tinalonjeza aphunzitsi, ndipo awiri akuchitabe lendi kumsika.

Malume a ku Zomba: Ndiye ana aswe magalasi, ife tiwapatse mphoto ya nyumba? Mawa adzaotcha laibulale kuti tiwagulire basi.

Aphunzitsi Opuma: Oswa magalasi ndi anyamata, achimwene, ndipo ndanena kale kuti alipire. Ndikunena za atsikana amene sanaponye mwala ngakhale umodzi. Munaona nokha amene sanabwerere sukulu zitatsegulidwa chaka cha Covid chija. Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka ilipo kuyambira 1993, koma pa amene ine ndimawadziwa m'mudzi mwathu, wabwerera ndi mmodzi yekha.

Wa ku Joni: Ine ndinapereka za mpanda. Ndikayamba kusintha lero, mawa wina adzati tigulire mipira. Komanso kunena zoona, mawu a achemwali a ku Ndirande andilowa. Kuno timagwira ntchito usiku, kuzizira, kuthamangitsidwa. Sinditumiza kalikonse kufikira kope la simenti lioneke.

Msungichuma: Chabwino. Sankhani wina asunge chuma chanu. Ine ndatopa ndi kunyozedwa pamaso pa ana.

*Msungichuma watuluka pagulu.*

Mayi a ku Ndirande: Ndangofunsa malisiti ine. Kufunsa n'kulakwa?

Wapampando: Ndimuimbira madzulo. Tisaonjezere moto.

Azakhali a Kumudzi: Inu mukukangana muli m'nyumba zofunda. Kuno ndi Juni, chiperoni chagwa kuyambira dzulo. Mdzukulu wanga ali Fomu 1 ndipo kalasi yawo ili mu buloko yomweyo. Lero akhala ndi mphepo tsiku lonse, magalasi ali mbwee pansi, asesa okha ndi manja.

Aphunzitsi Opuma: Ahedi aitanitsa msonkhano wa makolo Lachisanu 9 koloko. Ine ndinyamuka Lachinayi, ndikagona kwa mlongo wanga. Ndikufuna ndikaonane ndi anyamata anayi aja msonkhano usanayambe, ndikamve kwa iwo eni. Alipo wina pagulu pano amene angatsagane nane?

Mnyamata wa ku Bunda: Ndikanapita bambo, koma ndili ndi mayeso.

Mlembi: Nanga pa minitsi ndilembe kuti tagwirizana chiyani?

Malume a ku Zomba: Lembani kuti za munda wa kumunsi kwa bwalo sizinathe.