Gulu la banja: za agogo ku Santhe

Mayi a Tadala: Mwadzuka bwanji nonse. Posambitsa amayi m'mawa uno ndaona kumsana cha m'chiunomu pada, pakutentha. Chidendene chakumanzere chayambanso kusupuka.

Malume: Si mankhwala a BP aja? Ine ndimati tiwasiyitse kaye.

Chikondi: Ayi amalume, chonde asasiye. Mtima wa agogo unakula chifukwa cha BP yomweyo. Umapopa movutikira zaka zambiri, minofu yake n'kunenepa kuti ukwanitse ntchito, koma mtima wotero suchedwa kufooka.

Malume: Nanga zilondazo zabwera bwanji?

Chikondi: Kugonera mbali imodzi. Chichitikireni sitiroko satembenuka okha. Pamene fupa latsamira pamphasa timitsempha timafinyika, ngati mwaponda paipi yothirira dimba. Magazi akasiya kufika, maselo amasowa okosijeni, mphamvu zimawathera, amayamba kutupa ndi madzi. Apo maselowo akhoza kuchira mukawatembenuza agogo msanga. Mukachedwa amaphulika n'kufa, ndiye chilonda chimenecho. Ndipo nthawi zina chimayambira mkati pafupi ndi fupa, khungu pamwamba likuoneka ngati labwino.

Mayi a Tadala: Mayo ine. Nditikitepo ndi mafuta?

Chikondi: Osatikita amayi aang'ono, mumawonjezera kuvulaza. Muziwatembenuza maola 2 aliwonse, usiku womwe. Pilo pakati pa mawondo, wina pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere. Akanyowetsa zofunda sinthani pompo. Chilonda cha kuchidendenecho akachione kuchipatala mawa.

Yamikani: Ndili pantchito kuno ku Joni, ndawerenga mothamanga. Matilesi ndigula ine, achoke pamphasa. Pa vidiyo ija mwendo wawo unaoneka wowonda kwambiri, sakudya?

Chikondi: Akudya achimwene, koma minofu yosagwira ntchito imafota. Mafizo aja musawasiye, kupinda ndi kuwongola mwendo ndi dzanja tsiku lililonse. M'phala muziikamo nsinjiro, dzira likapezeka, usipa ndi nyemba.

Mayi a Tadala: Zonsezo ndamva, koma usiku ndekha sindingathe. Fodya akundidikiranso kuchigafa.

Malume: Zoona achemwali, takusiyirani nokha nthawi yaitali. Ine ndi alamu anu titenga Lolemba mpaka Lachitatu.

Chikondi: Loweruka ndi Lamlungu ndizibwera kuchokera ku boma, ndidzakuonetsani katembenuzidwe kosapweteka msana.

Yamikani: Lachinayi ndi Lachisanu bwanji? A ku Chamama akungowerenga osayankha, tikukuonani.

Malume: Ndiwaimbira madzulo. Iwe Yamikani tumiza ya matilesi lero, mawa tikagule popita kuchipatala.