Bwalo la Electric Football lochokera ku America: tizidole tikungozungulira malo amodzi

Wa ku Rosettenville

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene anagwirapo masewera a Electric Football, aja a mpira wa ku America oseweredwa pa bwalo lachitsulo lonjenjemera. Mwezi wathawu kuno ku Joni ndinagula bwalo lakale la kampani ya Tudor kwa munthu wogulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito, pamodzi ndi tizidole 22 ndi kadole kamodzi koponya mpira. Pansi pake palembedwa 120V, choncho sindinalumikize kukhoma mwachindunji, koma ndinabwereka thiransifoma kwa mnzanga. Bwalolo likulira ndithu, koma ndikangoyatsa, tizidole tambiri tikuzungulira malo amodzi, tina tikugwa chagada, ndipo tomwe tatsala tonse tikukathera pa kona imodzi ya kumanzere. Kodi vuto lili m'magetsi kapena m'tizidolemo?

Funso lachiwiri ndi la malamulo. Timasewera anthu anayi Lamlungu masana, ndipo mlamu wanga anamata tizitsulo ta mtovu, tomwe asodzi amamangirira ku chingwe cha mbedza, pa tizidole take ta mzere wa kutsogolo, moti tsopano tikukankha tathu ngati mankhusu. Iye akuti palibe lamulo loletsa. Sindikufuna kuti chinthu chomwe tinagulira ana ndi akulu omwe chitidanitse pachibale.

Wamagetsi wa ku Malvern

Achimwene, munachita bwino kwambiri posalumikiza bwalolo kukhoma, chifukwa magetsi a kuno ku Joni, monganso a kwathu ku Malawi, ndi a 230V, ndipo koyilo, waya wokulungidwa wa pansi pa bwalolo, yopangidwira 120V ikanapsa m'kanthawi kochepa. Koma thiransifoma imakonza mbali imodzi yokha ya nkhaniyi. Magetsi a ku America amasinthasintha ka 60 pa sekondi, pamene athu amasinthasintha ka 50, ndipo thiransifoma sisintha chiwerengero chimenechi. Mabwalo akale a mtundu umenewu amanjenjemera chifukwa cha maginito a magetsi omwe ali pansi pa chitsulocho, ndipo maginitowo amakoka motsatira kusinthasintha kwa magetsiwo. Ndiye kuti bwalo lanu likugunda mochedwerapo kusiyana ndi mmene likanagundira kwawo komwe linapangidwira, ndipo koyilo yake izitentha msanga pang'ono. Muzithimitsa pakati pa maulendo, ndipo mukamva fungo la pulasitiki wopsa musiye pomwepo.

Pafupi ndi koyiloyo muyenera kupeza kachitsulo kopotokola kochepetsera kapena kuwonjezera kunjenjemera. Anthu ambiri amakapotokola mpaka kumapeto poganiza kuti phokoso lalikulu ndiye liwiro, koma zimenezi n'zomwe zimagwetsa tizidole. Chepetsani mpaka phokoso likhale ngati la njuchi, kenaka muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka kadole kamodzi kayambe kuyenda osadumpha.

Zoti tonse tikukathera pa kona imodzi, si nkhani ya magetsi ayi. Ikani levulo pa bwalolo m'litali ndi m'lifupi, chifukwa nyumba zakale za kumwera kwa mzindawu zili ndi pansi pa matabwa pomwe sipakhala posalala, ndipo tebulo lopendekeka pang'ono limakwanira kukokera timu yonse mbali imodzi. Ngati tebulo lili bwino, yang'anani chitsulocho mopingasa pa kuwala kwa zenera, mwina chinabonyoka posungidwa.

Mayi wa ku Mayfair

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Malvern pa za levulo, koma kuzungulira malo amodzi kumachokera pansi pa kadole komweko. Tembenuzani kamodzi muone base yake, kapulasitiki komwe kadoleko kaimapo. Mupeza timano topyapyala topendekera kumbuyo, ndipo kupendekako n'komwe kumasandutsa kunjenjemera kwa bwalo kukhala ulendo wopita kutsogolo. Timano ta mbali imodzi tikakhala tatifupi, topindika, kapena tokhala ndi nyenyeswa za pulasitiki kunsonga, mbali inayo imapita yokha ndipo kadoleko kamazungulira ngati bwato lopalasidwa mbali imodzi.

Ine ndinaphunzira zimenezi chifukwa cha mwana wanga wamwamuna, ndipo madzulo ambiri tinkakhala pa tebulo la kukhitchini ndi pulayala yopanda mano komanso sandipepa wosalala kwambiri. Timagwira kadzino kamodzi ndi pulayalayo, kukafinya pang'ono kuti kaphwatalale, n'kukakokera kumbuyo mofatsa, kenaka timaika kadoleko pa mzere wa mayadi 20 n'kuyatsa kuti tione komwe kakhotere. Tikaona kuti kakukhotabe, timakonza mbali imodzi yokha n'kuyesanso, osagwira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, chifukwa mukatero simudziwa chomwe chathandiza. Pulayala ya mano imadula timanoto, ndipo kadzino kakaduka sikabwereranso. Kadole kamodzi kamatha kutidyera theka la ola, koma kakayamba kuyenda mowongoka kuchokera kumapeto ena a bwalo kukafika kwina, mwanayo amakalemba nambala pansi ndi kukasunga m'bokosi lakelake.

Musawongole tonse. Kamene kamakhotera kumanja nthawi zonse n'kothandiza mukakaika kumanzere kwa mzere kuti kazilowa pakati. Palinso ma base otchedwa TTC, okhala ndi kagudumu pansi komwe mumatembenuza kuti musankhe mbali yokhotera, ndipo ngati m'bokosi mwanu muli otere, yambani mwaona komwe kagudumuko kaloza musanagwire pulayala. Chinanso, m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, mphepo ikamaulutsa fumbi la milu ya migodi, muzipukuta bwalo ndi kansalu kouma musanayambe, chifukwa fumbilo limakanirira ku timano.

Mkulu wa ku Yeoville

Mphwanga, za mlamu wanuyo ndiyankhe ine. Iye sakunama kwenikweni, chifukwa kuwonjezera kulemera ndi chinthu chomwe osewera ambiri amachita, koma amachita pansi pa malire omwe onse agwirizana masewera asanayambe. Ku America, komwe Norman Sas wa kampani ya Tudor anayambitsa masewerawa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndiponso komwe anatchuka kwambiri kampaniyo italandira chilolezo cha NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America, mu 1967, magulu a mipikisano amayeza kadole kalikonse pa sikelo, ndipo malire omwe amamveka kawirikawiri ndi magalamu 4, kuphatikizapo base. Gulani sikelo yaing'ono ya digito yoyeza magalamu, muyeze tonse pamaso pa aliyense, ndipo kopitirira malire kachotsedwe mtovu. Mukafuna, lolani onse anayi kuwonjezera kulemera mofanana, koma chisakhale chinsinsi cha munthu mmodzi.

Ndikusiyana pang'ono ndi mayi a ku Mayfair pa chinthu chimodzi. Pa gulu longoyamba kumene, ndingakonde kuti kukonza ma base kuchitike pamodzi, onse atakhala pa tebulo limodzi, kenaka tizidole tabwino tigawidwe mofanana, chifukwa wodziwa pulayala akasiyidwa yekha amapambana masewera onse ndipo anzake amagwa ulesi.

Lembaninso papepala zinthu zina zomwe zimayambanitsa anthu. Mugwirizane ngati wonyamula mpira wagwidwa pamene base ya mdani yamukhudza paliponse, kapena pokhapokha yamukhudza ndi kutsogolo kwake. Kwa ife timatsata yachiwiriyi chifukwa imapatsa othamanga mpata. Mugwirizanenso masekondi omwe woponya mpira akupatsidwa bwalo likathimitsidwa, popeza kuloza kampira kasiponji kaja ndi kadole koponyera kumatenga nthawi, ndipo munthu angathe kuchedwetsa dala. Zotsalazo ndi za mpira weniweniwo: mipata inayi yoti mupite mayadi 10, mapointi 6 mukafika kumapeto kwa bwalo, ndi 3 mukamenyera mpira pakati pa mizati.

Wa ku Rosettenville

Zikomo kwambiri nonse. Usiku wathawu ndinaika levulo ndipo ndinapeza kuti mwendo umodzi wa tebulo unali wotsika, moti nditaikapo katoni yopinda kawiri, tizidole tinasiya kuthamangira ku kona ija. Ndachepetsanso kunjenjemera monga munanenera, bambo a ku Malvern, ndipo palibe kamene kagwa. Ma base asanu ndi awiri akuzungulirabe, ndipo awiri mwa iwo ali ndi timano toduka kale. Mlamu wanga wavomera za sikelo, koma wapempha kuti tiyeze Loweruka kuti apeze nthawi yomatula mtovu wake tisanasewere Lamlungu. Mayi a ku Mayfair, kodi base ya kadzino kamodzi koduka ingagwirebe ntchito pa mzere wa kutsogolo, pomwe kadole sikafunika kuyenda mtunda wautali, kapena ndingoitanitsa ena atsopano?