Kodi mbalame za m'gombe zochokera kumpoto ndingakazione kuti mu Disembala?

Bambo wa ku Rosettenville:
Moni nonse. Chaka chatha ndinagula magalasi oonera kutali ogwirapo kale ntchito, ndipo kuyambira pamenepo ndimaona mbalame Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Pa tchuthi cha Disembala ndikufuna kuchoka kuno ku Johannesburg n'kupita kunyanja yamchere ya konkuno ku South Africa kukaona timbalame timene amati timachokera ku Siberia n'kudzakhala m'magombe ndi m'mathiriro a mitsinje nyengo yotentha ino. Ndinayesapo mu Januwale ku Durban, koma ndinayenda pamchenga m'mawa wonse osaona kalikonse kupatula mbalame zimene zimatola zakudya zotaya anthu. Kodi ndinalakwitsa malo kapena nthawi?

Mayi wa ku Kempton Park:
Bambo, mwezi munalondola, pakuti mbalamezi zimayamba kufika cha mu Seputembala ndi Okutobala n'kubwerera mu Malichi ndi Epulo kukaikira mazira kumpoto. Chimene chinakuphonyetsani ndi malo. Zambiri mwa izo sizikonda mchenga wouma umene anthu amasambirapo, koma matope ofewa a pamene mtsinje ukukumana ndi nyanja, chifukwa m'menemo ndi mmene muli nyongolotsi, tinkhono ndi tinkhanu timene zimatokosa ndi milomo yawo. Ngati thumba likulola, pitani ku Langebaan, m'paki ya West Coast, kumpoto kwa Cape Town. Pamalo otchedwa Geelbek pali kanyumba kobisaliramo kamene mumakafika poyenda pa mlatho wa matabwa, ndipo mukatsegula zenera matope onse amakhala pamaso panu.

Koma chachikulu ndi madzi. Nyanja yamchere si ngati nyanja yathu ya Malawi: imadzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, choncho onani ndandanda yake pa intaneti musananyamuke. Madzi akaphweratu mbalame zimamwazikana kutali moti zimangooneka ngati timiyala, ndipo akadzaziratu zimathawira kwina kukapuma. Nthawi yabwino ndi pamene madzi akukwera pang'onopang'ono n'kumazikankhira kwa inu. Ine ndinakhala pamenepo maola awiri osasuntha, mpaka curlew sandpiper wina anafika pafupi kwambiri moti ndinkaona kadontho ka madzi kakulendewera kunsonga ya mlomo wake wokhota. Pambali pake panali little stint, kambalame kochepa ngati mpheta, kosafika ngakhale magalamu 40, ndipo kunena zoona mtima unandigunda poganiza kuti kanachokera ku Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ndi mapiko omwewo.

Mnyamata wa ku Springs:
Amayi anena zoona, koma ine ndikupemphani, bambo, kuti musadikire Disembala. Kuno ku East Rand, kum'mawa kwa Johannesburg, pafupi ndi tauni ya Nigel, kuli dambo la Marievale, gawo la mtsinje wa Blesbokspruit, ndipo madzi akakhala ochepa mumapezako ruff, wood sandpiper, marsh sandpiper ndi little stint yemweyo. Ndikunena zimenezi chifukwa mbalamezi zikakhala kuno zimakhala zitavula nthenga zokongola za nthawi yoswana, ndipo pafupifupi zonse zimaoneka zotuwa pamsana ndi zoyera kumimba, moti munthu wosazolowera amabwerako atasokonezeka. Musayambe ndi mtundu wa nthenga. Yang'anani kutalika kwa miyendo, maonekedwe a mlomo ndi kadyedwe kake. Mlomo wa whimbrel ndi wautali wokhotera pansi, wa common greenshank umapendekera m'mwamba pang'ono, grey plover amathamanga n'kuima chilili asanatole chakudya, pamene sanderling amathamangitsana ndi mafunde pamchenga wonyowa. Ameneyu mwina munamudutsa ku Durban osamuzindikira. Anzathu a ku Zomba akudziwa kuti zina mwa mbalame zomwezi zimapezekanso ku nyanja ya Chilwa, imene ili m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse.

Agogo a ku Turffontein:
Mwananga, kulikonse kumene mupite, musazithamangitse pofuna chithunzi. Gulu likauluka chifukwa cha inu limataya mphamvu imene likusunga kuti lidzathe ulendo wobwerera. Komanso miyezi yomweyi ndi imene mbalame zakonkuno, monga white-fronted plover ndi African oystercatcher, zimaikira mazira pagombe penipeni. Ndili ku Gqeberha ndinatsala pang'ono kuponda mazira awiri amawangamawanga amene anali m'kadzenje pamchenga, ndipo ndinawaona kokha chifukwa make ankakwekweretsa phiko ngati lathyoka kuti ndimutsatire. Yendani m'munsi, pamchenga wonyowa, ndipo galu musamumasule.

Bambo wa ku Rosettenville:
Zikomo kwambiri nonse. Ku Cape Town n'kutali, makilomita pafupifupi 1,400, choncho ndiyamba ndafunsa mtengo wa basi. Loweruka lino ndilawirira ku Marievale ndi kope lolembamo miyendo ndi milomo monga mwandilangizira. Achimwene a ku Springs, ngati mudzakhale ndi mpata, tidzapitire limodzi, mafuta a galimoto ndidzathira ndine.