Ma probiotic m'damu la nsomba, ndigule kapena ayi?

Mlimi wa ku Nchalo:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi damu la makumba ndi chilunguni, ndimazidyetsa madeya osakaniza ndi soya. Chiyambireni kutentha kwa Okutobala uno, m'bandakucha nsomba zimabwera pamwamba, kukamwa yasa, ndipo matope a pansi akununkha ngati dzira lowola. Wamalonda wina wandionetsa paketi ya ma probiotic, akuti ndikathira vuto litha. Mtengo wake ngoboola m'thumba. Ndigule?

Mayi wa ku Bangula:
Achimwene, musathamangire. Nsomba zanuzo zikusowa mpweya. Madzi akatentha sasunga mpweya wambiri, ndipo usiku ndere zija zobiriwitsa madzi nazonso zimaupuma. Kukamacha umakhala watheratu. Fungolo ndi la madeya otsala ndi ndowe za nsomba zomwe zikuwolera pansi.

Ma probiotic ndi tizilombo tamoyo tabwino, monga Bacillus subtilis, Lactobacillus ndi yisiti. Tikasakanizidwa m'chakudya timathandiza nsomba kugaya bwino, komanso timalanda malo a tizilombo toyambitsa matenda m'matumbo. Tina timathiridwa m'madzi kuti tiwoletse zinyalala za pansi. Koma natonso timapuma mpweya womwewo, makamaka mukawonjezera molasesi woti tichulukane. Kuthira lero, nsomba zili wefuwefu chonchi, mukhoza kuzipeza zayandama mawa.

Yambani mwachepetsa chakudya, musiyenso kaye kuthira manyowa m'damu. Lowetsani madzi atsopano m'mamawa. Pisani mkono m'damumo: chikhatho chikabisika madzi asanafike m'chigongono, ndere zachulukitsa.

Bambo wa ku Ngabu:
Mayiwa anena zoona. Ine ndimagwiritsa ntchito ma probiotic, koma m'chakudya basi. Ndimasungunula m'madzi pang'ono, kuwaza pa madeya, n'kuyanika pamthunzi. Padzuwa la kwathu kuno tizilomboto timafa. N'chifukwa chake paketi yomwe yakhala ikuwotchedwa pabenchi pamsika sindiyikhulupirira. Onani tsiku lothera ntchito ndi dzina la tizilombo lolembedwapo.

Mlimi wa ku Nchalo:
Zikomo nonse. Nanga nsomba ziwiri zomwe ndaziona ndi zilonda zofiira m'mbali, sizingachire ndi ma probiotic?

Mayi wa ku Bangula:
Ayi, amenewo si mankhwala. Zichotseni muzikwirire kutali, ndipo ukonde wanu musabwereke aliyense. Matenda a zilonda a EUS anapezeka ku Mchinji mu 2020, ndiye zilonda pansomba si zozitenga mopepuka. Kaitaneni alangizi a za nsomba, kapena pitani ku malo a kafukufuku wa nsomba ku Kasinthula mawa lomwe, si patali ndi kwanu.