K46,000 ya m'bokosi lathu yalowera kuti?

Wapampando: Amayi ndi abambo a banki mkhonde yathu, mwaswera bwanji. Dzulo buku limanena kuti m'bokosi muli K1,214,000, koma titawerenga ndi manja tinapeza K1,168,000. Ikusowa K46,000, pomwe kugawana kwangotsala masabata atatu. Tikambirane mwaulemu.

Mayi a tomato: Ulemu tipereka, koma ndalama ibwere. Ine ndimapsa ndi dzuwa pamsika kuti ndigule masheya asanu sabata iliyonse. Bokosi limagona kwa ndani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka, n'chifukwa chake tonse tikungoyang'ana pansi.

Msungichuma: Achemwali, ngati mukunena ine, nenani poyera. Bokosi limagona kwathu, inde, koma lili ndi maloko atatu ndipo ine ndilibe kiyi ngakhale imodzi. Nkhaniyi apongozi anga aimva kale kumjigo. Ndiyenda bwanji m'mudzi muno?

Aphunzitsi: Mundilole, amayi. Chaka chatha inasowa K28,000. Tinachita chiyani? Tinachotsa amene ankasunga bokosi, tinasonkherana kukwirira dzenje, basi. Mayi aja mpaka lero sabwera ku banki mkhonde. Chaka chino wosunga ndi wina, koma vuto ndi lomwe lija. Ndiye kuti sitinakhudze gwero lake. Kukampani ya galimoto ya Toyota ku Japan, makina akaima safulumira kufunsa kuti walakwa ndani. Amafunsa kuti n'chifukwa chiyani, yankho likabwera amafunsanso, mpaka kasanu.

Mayi a tomato: Kuno si ku Japan, aphunzitsi.

Aphunzitsi: Zoona, koma kufunsa sikulira ndalama. Alembi, ndi liti pomwe tinalengeza komaliza ndalama zotsala tisanakhome bokosi?

Mlembi: Ndatsegula buku. Ndi mu Juni.

Aphunzitsi: Tinasiyiranji?

Wowerenga ndalama: Mnzanga wowerenga naye atapita ku Joni sitinasankhe wina. Ndekha sindingawerenge thumba la ngongole, la zadzidzidzi ndi mbale ya zindapusa, anthu ataimirira kale kuti akaphike. Ndiye alembi ankangowonkhetsa za m'buku, ife n'kukhoma. Ndinadandaula, munati tidzaona.

Wapampando: Miyezi isanu tikukhulupirira cholembera m'malo mwa maso. Paja alangizi anatiuza kuti njira ya banki mkhondeyi inayambira m'dziko la Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, pakati pa amayi omwe ambiri sankadziwa kulemba. Chitetezo chawo chinali choti kalikonse kachitike pamaso pa gulu, ndipo aliyense apite kwawo akudziwa pamtima zomwe zatsala m'bokosi. Ife tili ndi mafoni koma tinataya zimenezo.

Wowerenga ndalama: Mwatchula mafoni. Alembi, munthu akatumiza K20,000 pafoni yanu, m'buku mumalemba zingati, nanga m'mbale mumafika zingati?

Mlembi: Ndimalemba K20,000 chifukwa ndi imene watumiza. Koma potapa kwa ejenti pamakhala yodulidwa, ndiye m'mbale imafika yoperewera. Mauthenga onse ndili nawo. Ndawonkhetsa, zodulidwazo zakwana K9,400 kuyambira mu Juni.

Bambo a kabaza: Apo ndiye ndikana kulipira nawo. Ine ndimasiya makasitomala n'kubwera kudzakhala pamphasa. Wotumiza pafoni wakhala kwawo, sanalipire chindapusa chojomba, kenako yotapira tim'lipirire ife?

Mayi a tomato: Apo mwanena, achimwene. Nanga K36,600 inayo?

Wosunga kiyi: Amayi Wapampando, tinene kapena munena nokha? Za usiku wa mu Ogasiti.

Wapampando: Mdzukulu wa agogo anakomoka ndi malungo pakati pa usiku, pankafunika galimoto yopita kuchipatala. Ndinadzutsa a makiyi onse atatu. M'thumba la zadzidzidzi munali K4,000 yokha, ndiye tinatenga K30,000 m'thumba la ngongole. Alembi anali kumaliro kwawo, sizinalowe m'buku. Mwana ali moyo, ndipo zitachitikanso ndingatsegulenso.

Msungichuma: Ndiye inu mumadziwa, ine n'kumatchedwa khoswe? Ndinakhala chete dzulo poopa kuyalutsa agogo.

Agogo: Ana anga, ine ndinkayesa ndi chithandizo cha gulu. Ndikanadziwa kuti ndi ngongole, bwenzi nditagulitsa mbuzi kalekale. Musakangane chifukwa cha ine.

Bambo a kabaza: Agogo, palibe akukuimbani mlandu. Koma ndalama ya thumba la ngongole imabala. Miyezi itatu pa 20 peresenti ndi K18,000.

Msungichuma: Chiwongoladzanja pa mwana wodwala? Ayi, achimwene. Abweze K30,000 yokha, tidule pa gawo lawo.

Aphunzitsi: Ndikugwirizana nazo, malamulo athu amati ya zadzidzidzi ilibe chiwongoladzanja. Koma funso latsala. N'chifukwa chiyani thumba la zadzidzidzi linali ndi K4,000 yokha? Tikusonkhabe K200 yomwe tinagwirizana kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo wa galimoto, wa bokosi la maliro, wa mankhwala, zonse zinakwera, chosonkha chathu chili pomwe paja. Tikapanda kukonza apa, usiku wina tidzatsegulanso thumba lolakwika.

Mayi a tomato: K500 ndingakwanitse. Koma K6,600 sinapezekebe, musandiiwalitse.

Mlembi: Imeneyo tifananize timabuku tonse ndi buku lalikulu, chidindo ndi chidindo. Mwina pena ndinadinda kawiri.

Wapampando: Lachinayi tivotere izi: wowerenga wachiwiri, kukweza ya zadzidzidzi, ndi kuti wotumiza pafoni aziwonjezera yotapira, uthenga wake uwerengedwe pagulu. Bokosi lisakhomedwe tisanalengeze zotsala. Za K9,400, omwe ankatumiza agawane.

Aphunzitsi: Ndiwonjezere kamodzi. Msonkhano womaliza wa mwezi uliwonse tizipatula mphindi khumi kufunsana chomwe chikutsimphina, chisanakule. A owerenga anadandaula kale, sitinawamvere.

Msungichuma: Zonsezo ndavomera. Koma achemwali a tomato anandinyoza pagulu, apepesenso pagulu.

Mayi a tomato: Ndipepesa Lachinayi pamaso pa onse, ndinalankhula ndi mtima wapachala. Komanso Amayi Wapampando, tipite awiri kwa mayi tinawachotsa chaka chatha aja. Mwina naonso sanadye kalikonse.

Wapampando: Tipita Lachitatu madzulo. Alembi, mufunefune buku la chaka chatha. Lachinayi 2 koloko, aliyense ndi kabuku kake.