Kodi mabuku anayi a achinyamata a m'nthawi ya nkhondo ndi oyenera kugulira mwana wa zaka 13?

Mayi wa Ana Awiri: Abale anga, ndikupempha nzeru zanu. Wogulitsa wina waika mabuku anayi pamodzi pa mtengo umodzi, ndipo onse akunena za achinyamata amene anakula pakati pa nkhondo kapena chipwirikiti cha ndale: zolemba za tsiku ndi tsiku za Anne Frank, zolemba za Zlata Filipović wa mumzinda wa Sarajevo ku Bosnia, A Long Way Gone la Ishmael Beah, ndi I Am Malala la Malala Yousafzai. Iye akuti mabukuwa amaphunzitsa ana kulimba mtima ndi kuyamikira zimene ali nazo. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 13 ndipo amakonda kuwerenga, koma mtengowo si wochepa, choncho ndikufuna kudziwa ngati ndingagule onse.

Mphunzitsi Wopuma: Amayi, ine ndinganene kuti gulani, koma mawu a wogulitsawo musawatengere pamtima. Buku la Anne Frank silinalembedwe kuti lilangize ana a anthu ena. Mtsikanayu analandira kope lolembamo pa 12 June 1942, tsiku limene anakwanitsa zaka 13, ndipo pasanathe mwezi banja lake linabisala m'zipinda za kuseri kwa nyumba imene bambo ake ankagwirirako ntchito ku Amsterdam, chifukwa chipani cha Nazi chinali kusaka Ayuda. Anthu 8 anakhala mmenemo mpaka anagwidwa pa 4 August 1944. Zambiri zimene analemba ndi mikangano yake ndi mayi ake, kutopa ndi chakudya chimodzimodzi tsiku ndi tsiku, mantha akamva phokoso usiku, ndiponso chikondi chake pa Peter, mnyamata amene anabisala nawo limodzi. Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti mu March 1944 anamva pa wailesi nduna ya boma la Netherlands, imene inali ku London, ikupempha anthu kuti asunge makalata ndi zolemba zawo kuti zidzakhale umboni nkhondo ikadzatha, ndipo iye anayamba kulembanso zonse mwatsopano, kuchotsa zina ndi kukonza ziganizo ngati mlembi weniweni. Mwana wa msinkhu umenewo akaona mnzake akugwira ntchito yotereyi ali m'chipinda chimene sangatulukemo, amaphunzira chinthu chimene ife akuluakulu sitingamuuze ndi pakamwa.

Bambo Wokayika: Aphunzitsi, ndikukupatsani ulemu wonse, koma sindikugwirizana nanu pa zogula onse anayi. Choyamba, nkhani yoti mwana awerenge za mavuto a ena kuti ayamikire zimene ali nazo imandiwawa. Anne Frank anafera ku msasa wa Bergen-Belsen kumayambiriro kwa 1945, ndipo mwa anthu 8 aja ndi bambo ake okha, Otto Frank, amene anapulumuka. Kodi imfa yotereyi tingaisandutse chikwapu chouzira mwana kuti asadandaule za homuweki? Chachiwiri, buku la Beah silofanana ndi enawo. Iye akufotokoza mmene analowetsedwera m'gulu la asilikali a boma pa nkhondo ya ku Sierra Leone, imene inachitika kuyambira 1991 mpaka 2002, mmene ankapatsidwira mankhwala osokoneza bongo, ndi mmene iye mwini anaphera anthu. Ana ena m'mabukuwa anachitiridwa nkhanza, koma uyu anachititsidwa nkhanza ndi manja ake, ndipo safotokoza mozungulira. Ine sindingalipereke kwa mwana wa zaka 13 kuti akaliwerenge yekha kuchipinda.

Wophunzira Mbiri: Bambo, pa za msinkhu mwalondola, koma ndikufuna kuliteteza bukuli pang'ono, chifukwa gawo lake lolemera kwambiri limabwera mfuti zitatayidwa. A UNICEF atamuchotsa m'gulu la asilikali mu 1996 n'kupita naye kumalo othandizira ana ku Freetown, iye ndi anzake sanathokoze ayi. Ankamenya owasamalira, ankalakalaka mankhwala aja, ndipo ankakwiya akauzidwa kuti zimene anachita silinali vuto lawo. Mwana wamkulupo, wa zaka 16 kapena 17, angaphunzirepo kuti kupulumutsidwa ndi kuchira ndi zinthu ziwiri zotalikirana, ndiponso kuti anthu oleza mtima amene anapirira mkwiyo wa anyamatawa anagwira ntchito yaikulu kuposa imene inaoneka. Ndionjezenso kuti mu 2008 nyuzipepala ya The Australian inakayikira zaka ndi nthawi zina zimene Beah anatchula, ndipo iye anakana kuti sananame. Zimenezi sizichititsa bukuli kukhala lopanda pake, koma wowerenga ayenera kudziwa kuti akumva zokumbukira za munthu amene anali mwana wosokonezeka pa nthawiyo.

Mayi wa Ana Awiri: Zikomo kwambiri nonse. Nanga awiri otsalawo? Ndimaganiza kuti la Malala ndi losavuta kwa mtsikana.

Wophunzira Mbiri: Amayi, yang'anani pachikuto musanalipire, chifukwa mabuku a dzina limeneli alipo awiri. La 2013 analemba mothandizana ndi mtolankhani Christina Lamb, ndipo lili ndi masamba ambiri a ndale ndi mbiri ya Pakistan amene angatopetse mwana asanafike pa nkhani ya sukulu. La achinyamata linatuluka mu 2014, analemba ndi Patricia McCormick, ndipo limapita msanga pa zimene zinachitika m'chigwa cha Swat, mmene gulu la zigawenga la Taliban linaletsera atsikana kupita kusukulu, mpaka tsiku la 9 October 2012 pamene anawombera Malala ali m'galimoto yochokera kusukulu. Ngati wogulitsa waika loyambalo, mwana wanu akhoza kulisiya pakati.

Mphunzitsi Wopuma: La Zlata ndi lalifupi ndiponso losavuta, ndipo ena amalipeputsa chifukwa cha zimenezo. Ine ndimaliona mwina. Iye anayamba kulemba mu 1991 ali mwana wa zaka 10 wotanganidwa ndi piyano, mayeso ndi maphwando a anzake, kenako mu April 1992 mzinda wa Sarajevo unazingidwa ndi asilikali, ndipo tsamba ndi tsamba madzi, magetsi ndi sukulu zikuzimiririka, anzake ena akuthawa, wina akuphedwa ndi bomba akusewera panja. Mwana amaona ndi maso ake kuti nkhondo imagwera anthu amene dzulo lake ankakhala moyo wofanana ndi wake, ndipo Zlata amadabwa poyera kuti n'chifukwa chiyani andale akugawa anthu kukhala Aserbia, Acroatia ndi Asilamu pamene iye sankasankha anzake motero. Ndingayambitse mwana wanu ndi limeneli, makamaka chifukwa mwini wake anapulumuka n'kupita ku Paris kumapeto kwa 1993.

Bambo Wokayika: Pamenepo ndiye kuti tonse tavomereza kuti mwa anayiwo, limodzi liyenera kudikira zaka zitatu kapena zinayi, ndipo lina likhoza kukhala la akuluakulu. Kugula pamodzi kumaoneka kotchipa pokhapokha ngati onse awerengedwa. Funsani mtengo wa la Zlata ndi la Anne Frank paokha, ndipo enawo mukhoza kubwereka ku laibulale nthawi yake ikakwana.

Mayi wa Ana Awiri: Ndafunsa, ndipo wogulitsa akuti la Malala ndi la 2013 lija, komanso sagulitsa limodzilimodzi. Ndigula onse, koma la Beah ndiyamba kuliwerenga ineyo n'kulisunga. Aphunzitsi, kodi za imfa ya Anne ndimuuziretu mwanayo, kapena ndidikire kuti akafike yekha pa tsamba lomaliza la 1 August 1944?

Mphunzitsi Wopuma: Muuzeni asanayambe, amayi, chifukwa zolembazo zimangoduka popanda chenjezo, ndipo makope ambiri amafotokoza za msasa uja m'mawu ochepa kumapeto. Ndi bwino amve kwa inu, muli pomwepo kuti muyankhe zimene afunse.