Foni yadzaza ndi nyimbo za kwaya ndipo bandulo ikutha msanga: ndichite chiyani?

Woimba wa ku Chibavi:

Moni nonse. Ndimaimba mu kwaya ya mpingo wathu, ndipo anzanga anandipatsa udindo wojambula nyimbo tikamaphunzira madzulo, kuti amene sanabwere azimvera ali kunyumba n'kuloweza mbali yawo. Ntchitoyi ndimaikonda, koma yandibweretsera mavuto awiri. Foni yanga ndi ya Android ya malo okwana 32 GB, ndipo yadzaza moti nthawi zina imasiya kujambula nyimbo isanathe. Komanso bandulo imene ndimagula kuti indikwanire sabata yathunthu imatha sabatayo isanafike pakati, chonsecho sindionera makanema aatali. Ndili m'magulu angapo a WhatsApp, a kumpingo, a kumudzi ndi a makolo a kusukulu ya ana, ndipo nyimbozo ndimazitumiza kugulu la kwaya. Kodi ndiyambire pati popanda kufufuta nyimbo zathu? Ndine mayi wosadziwa zambiri za mafoni, choncho mundifotokozere mwatsatanetsatane.

Mphunzitsi wa ku Luwinga:

Mayi, musanakhudze nyimbozo, yambani mwaona chimene chikudya bandulo yanu, chifukwa foni imasunga yokha mbiri imeneyi. Lowani mu Settings, mufufuze gawo lotchedwa Data usage, ndipo mudzaona mndandanda wa mapulogalamu onse pamodzi ndi kuchuluka kwa deta imene aliyense wagwiritsa ntchito mwezi uno. Poona kuchuluka kwa magulu amene mwatchulawo, ndikukhulupirira kuti WhatsApp idzakhala pamwamba.

Vuto la magulu ndi lakuti aliyense akatumiza chithunzi cha maluwa chofunira anthu tsiku labwino, kapena kanema wa ulaliki amene wazungulira kale magulu ena onse, foni imatha kuzitsitsa yokha inu musanazione n'komwe. Pamenepo mwaluza kawiri, pakuti bandulo yapita ndipo malo adzaza. Mu WhatsApp lowani mu Settings, kenako Storage and data, ndipo pansi pa Media auto-download sankhani When using mobile data n'kuchotsa chizindikiro pa zithunzi, mawu, makanema ndi zikalata zomwe. Kuyambira pamenepo chinthu chilichonse chizidikira kuti muchigwire ndi chala, ndipo kukula kwake kuzioneka musanachitsitse. Mauthenga a mawu okha, aja timajambula pogwira kachizindikiro ka maikolofoni, ndi amene amapitiriza kutsika okha, koma amenewo ndi aang'ono.

Pamalo omwewo pali Manage storage. Gawo limeneli limakusonkhanitsirani mafayilo oposa 5 MB ndiponso amene atumizidwa kambirimbiri, komanso limasonyeza gulu limene latenga malo ambiri. Mungafufute zochuluka pamenepo osataya chilichonse chofunika, koma gulu la kwaya mulisiye kaye mpaka mutakopera nyimbozo kwina.

Chinanso ndi Data Saver, imene mafoni a Android ali nayo kuyambira pa Android 7.0 ya mu 2016. Mukaiyatsa imaletsa mapulogalamu ambiri kugwiritsa ntchito deta mobisa pamene simukuwatsegula. Mukumbukire kuiuza kuti isaletse WhatsApp, kuopa kuti mauthenga angamafike mochedwa. Mu Play Store musankhe kuti mapulogalamu azikonzedwanso pa Wi-Fi pokha, ndipo mu Facebook muzimitse zoti makanema aziyamba okha mukamadutsa.

Wokonza mafoni wa ku Katoto:

Zimene anena aphunzitsiwa n'zoona, koma ine ndikuganiza kuti pa nkhani ya malo, wolakwa wamkulu angakhale kajambulidwe ka nyimbozo. Mayi, tatsegulani pulogalamu imene mumajambulira, muone mtundu wa fayilo imene imasunga. Ngati dzina la fayilo likuthera ndi WAV, ndiye kuti mawuwo akusungidwa osapanikizidwa, ndipo pa mulingo wofanana ndi wa CD mphindi imodzi imatenga pafupifupi 10 MB. Ola limodzi lophunzira nyimbo ndiye kuti ladya malo oposa 600 MB, ndipo mukatumiza fayilo yoteroyo kugulu, bandulo yanu imalipira kukula konseko, kenako aliyense woitsitsa amalipiranso chimodzimodzi. Koma mukasankha MP3 kapena AAC pa mulingo wa 128 kbps, mphindi imodzi sifika n'komwe 1 MB, ndipo ola lonse limakhala pansi pa 60 MB. Kwa munthu amene akungofuna kumva pamene alto ikulowera, kusiyana kwa kamvekedwe sangakuzindikire pa sipika ya foni. Ngati mumajambula kanema m'malo mwa mawu okha, ndiye kuti vutolo ndi lalikulu kuposa pamenepa, ndipo ndingakulangizeni kuti kanema muzimusungira tsiku la chikondwerero lokha.

Ndikulangizaninso kuti muzijambula nyimbo iliyonse payokha, osati kusiya foni ikujambula kuyambira pemphero lotsegulira mpaka zolengeza. Mphindi zimene wotsogolera akukonza a besi, kapena pamene anthu akufunafuna tsamba, n'zimene zimatupitsa fayilo. Fayilo iliyonse muipatse dzina la nyimbo ndi tsiku, chifukwa mayina amene foni imapereka yokha amakhala manambala okhaokha, ndipo pakapita miyezi simungadziwe kuti iyi ndi iti.

Tsopano za memole khadi. Ngati foni yanu ili ndi polowetsa khadi, igulidwe ndithu, koma mosamala. Pa benchi yanga pamabwera anthu ndi makhadi olembedwa 64 GB amene anagula motchipa modabwitsa, foni n'kumasonyezanso 64 GB, pamene mkati mwake muli malo ochepa kwambiri. Khadi lotere silidandaula likadzaza. Limapitiriza kulandira mafayilo, mayina awo n'kumaoneka bwinobwino pamndandanda, koma tsiku limene mudzafune kumvera, nyimbo idzakana kutseguka ndipo palibe katswiri amene angaibweze. Pali pulogalamu yaulere ya pa kompyuta ya Windows yotchedwa H2testw imene imadzaza khadi lonse ndi deta n'kuiwerenganso, ndipo imaulula kukula kwake kwenikweni. Mupemphe wogulitsa kapena mnzanu amene ali ndi kompyuta aliyese musanaikemo chilichonse. Ngakhale khadi lenileni limafa, choncho nyimbo zofunika zikhale pamalo awiri, ndipo kachingwe ka OTG kamathandiza kukopera mafayilo kuchoka pa foni kupita pa fulashi popanda kompyuta, ngati foni yanu imalola zimenezi.

Mayi wa ku Zolozolo:

Ine ndimaluka zipewa ndi masikafu, zomwe kuno zimayenda malonda ikafika June, ndipo zithunzi za ntchito yanga yonse ndimaziika pa Google Drive. Foni ikatayika kapena ikagwera m'madzi, zonse ndimazipeza ndikangolowa ndi imelo yanga pa foni ina. Achemwali, bwanji osaika nyimbozo kumeneko n'kuzifufuta pa foni? Malowo ndi aulere.

Wophunzira wa pa Mzuni:

Amayi a ku Zolozolo, maganizo anuwa ndi abwino pa nkhani yoteteza nyimbo, koma ndikupempha kuti ndiwonjezerepo chenjezo, chifukwa pa nkhani ya bandulo angathe kukulitsa vutolo. Malo a Google ndi aulere mpaka 15 GB, ndipo malo amenewa amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Kale zithunzi zinkasungidwa mopanda malire pa Google Photos, koma zimenezi zinatha pa 1 June 2021, ndipo kuyambira mu 2024 zosungidwa za WhatsApp za pa Android nazonso zimawerengedwa pa 15 GB yomweyo. Malowo akadzaza, ngakhale maimelo amasiya kufika. Kuwonjezera apo, malowo ndi aulere koma ulendo wopita kumeneko si waulere, chifukwa fayilo iliyonse imene mwakweza imadya deta yofanana ndi kukula kwake. Ine ndingati kumeneko kupite nyimbo zokhazo zimene kwaya yazidziwa bwino ndipo ikufuna kuzisunga, ndipo zikwezedwe pamene pali Wi-Fi kapena ndi bandulo ya usiku ngati kampani yanu ili nayo.

Koma funso limene ndikudzifunsa ndi lakuti, n'chifukwa chiyani nyimbozo zikudutsa pa intaneti pamene anthu ake mumakumana m'chipinda chimodzi? Mafoni a Android ali ndi Quick Share, imene poyamba inkatchedwa Nearby Share mpaka pamene dzina linasintha mu 2024. Imagwiritsa ntchito Bluetooth pofufuza foni ya mnzanu ndi Wi-Fi ya pakati pa mafoni awiriwo potumiza, moti fayilo imasamuka popanda kudya bandulo ya aliyense. Mukamaliza kuphunzira, tumizani kwa munthu mmodzi wa soprano, mmodzi wa alto, mmodzi wa tenala ndi mmodzi wa besi, ndipo iwowo agawire anzawo musanabalalike. WhatsApp itsalire okhawo amene sanabwere. Amene ali ndi mafoni a mabatani angathe kulandira MP3 kudzera pa Bluetooth wamba, ngakhale imachedwerapo.

Pa nkhani ya bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, ena amauzabe anzawo kuti ayatse Lite mode mu Chrome kuti asamawononge deta yambiri, koma imeneyi inachotsedwa mu 2022 pamene Chrome 100 inatuluka, choncho musataye nthawi kuifunafuna. Ngati mumafufuza mawu a nyimbo kapena kuwerenga nkhani, Opera Mini imathandiza chifukwa imachepetsa kaye tsambalo pa makompyuta ake isanalitumize kwa inu, ngakhale masamba ena amaoneka osalongosoka. Mu Chrome momwemo mungathe kutsitsa tsamba kamodzi pogwira kamuvi koloza pansi, n'kumaliwerenga pambuyo pake deta ili yozimitsa.

Woimba wa ku Chibavi:

Zikomo kwambiri nonse. Ndaona kuti mafayilo anga akutheradi ndi WAV, ndipo ndasintha monga mwanenera achimwene a ku Katoto. Ndili ndi funso lina laling'ono. Tchalitchi chathu ndi cha malata opanda siling'i, ndipo mvula ikamagwa chimene chimamveka mu nyimbo ndi denga lokhalokha. Kodi pali chimene ndingachite?

Wokonza mafoni wa ku Katoto:

Mvula ya kuno ikagunda malata palibe foni imene ingapambane nayo, mayi, koma mungachepetse phokosolo. Maikolofoni yaikulu ya foni imakhala kumunsi, pafupi ndi potchajira, choncho mbali imeneyo ndiyo iloze kwa oimba, osati kudenga. Musaigwire m'manja, chifukwa kugwedera kwa zala kumalowa mu nyimbo. Iikeni pa mpando kapena pa tebulo pamwamba pa nsalu yopinda, pafupi ndi oimba kuposa mmene mumachitira masiku opanda mvula, koma isayandikire munthu mmodzi wa mawu amphamvu, apo ayi mudzangomva iye yekha. Ngati pulogalamu yanu ili ndi gawo lochepetsa phokoso, muyese kaye ndi vesi imodzi, chifukwa zina zinapangidwira munthu wolankhula ndipo zimadula mawu aatali a kwaya poganiza kuti ndi phokoso. Musanayambe kujambula muike foni pa Airplane mode kuti wina akaimba asakudulireni nyimbo pakati, ndipo zimenezi zimathandizanso kuti batire isathe msanga.